Momwe boma la kaunti ku Kenya limayendetsera ndalama ndi chitukuko

Dziko la Kenya linagawidwa m'zigawo 47 zotchedwa makaunti, ndipo chigawo chilichonse chili ndi boma lakelake. Dongosolo limeneli linabwera ndi malamulo aakulu a dziko amene anayamba kugwira ntchito pa 27 Ogasiti 2010, ndipo mabomawo anakhazikika pambuyo pa chisankho cha pa 4 Marichi 2013. Mtsogoleri wa kaunti ndi gavanala, amene amachita kuvoteredwa ndi anthu. Iye amasankha nduna zake zosapitirira 10, ndipo mmodzi mwa iwo amayang'anira za chuma. Pambali pake pali nyumba ya malamulo ya kauntiyo, momwe mumakhala aphungu oimira mawadi, amene m'dziko lonselo alipo 1,450, pamodzi ndi ena ochita kusankhidwa ndi zipani. Apa ndi pamene kaunti imasiyanirana ndi khonsolo ya ku Malawi, kumene bwanamkubwa ndi wantchito wa boma wochita kutumizidwa. Gavanala mpando amapatsidwa ndi ovota, ndipo ndalama za kaunti yake zinatetezedwa m'malamulo aakulu a dziko, kotero boma la ku likulu silingazimane mwachisawawa.

Ntchito zimene kaunti inapatsidwa ndi zimene munthu amakumana nazo akangotuluka pakhomo: zipatala za m'madera, ulangizi wa ulimi ndi ziweto, misewu ya m'midzi ndi m'matauni, misika, madzi, kuchotsa zinyalala, ozimitsa moto, ziphaso za malonda, sukulu za mkaka ndi sukulu za ntchito zamanja za kumidzi. Apolisi, sukulu za pulayimale ndi sekondale, misewu ikuluikulu ndi zipatala zazikulu za dziko lonse zinatsalira m'manja mwa boma la ku Nairobi. Mwa ntchito zonse za kaunti, yodya ndalama zambiri ndi ya zaumoyo, chifukwa madokotala ndi anamwino ambiri amalandira malipiro kuchokera ku makaunti.

Gawo lalikulu la ndalama limachokera ku thumba la dziko. Malamulo amati makaunti onse pamodzi azilandira zosachepera 15 peresenti ya ndalama zimene boma lalikulu latolera, powerengera mabuku omaliza amene anafufuzidwa ndi kuvomerezedwa ndi nyumba ya malamulo. M'chaka choyamba cha 2013/14 analandira mashilingi 190 biliyoni, ndipo pofika 2021/22 zinali 370 biliyoni. Kagawidwe kake pakati pa makaunti 47 kamatsata njira imene bungwe la Commission on Revenue Allocation limapereka ngati uphungu, kenako nyumba ya Seneti n'kuikambirana. Njira yoyamba inkapereka 45 peresenti potsata kuchuluka kwa anthu, 25 peresenti mofanana kwa onse, 20 peresenti potsata umphawi, 8 peresenti potsata kukula kwa dera, ndi 2 peresenti potsata kasamalidwe ka chuma. Mu 2020 aphungu a Seneti anakangana kwa miyezi ingapo asanagwirizane njira yachitatu, chifukwa madera aakulu a anthu ochepa monga Marsabit, Wajir ndi Mandera ankaona kuti alandidwa pofuna kukondweretsa madera othithikana anthu.

Ndalama zotsalazo kaunti imatolera yokha: msonkho wa malo ndi nyumba, ziphaso za malonda, ndalama za pamsika, za poimika magalimoto, za chilolezo chomangira nyumba, ndi zolipira kuchipatala. Makaunti a mizinda ngati Nairobi ndi Mombasa amatolera zochuluka, chimodzimodzinso Narok imene imalipiritsa alendo olowa m'nkhalango ya nyama ya Maasai Mara. Ambiri otsalawo amatolera zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene amagwiritsa ntchito. Kubwereka n'kololedwa pokhapokha boma lalikulu litaima ngati chikole ndipo nyumba ya malamulo ya kauntiyo itavomereza.

Chaka cha boma chimayamba pa 1 Julayi n'kutha pa 30 Juni, koma kukonza bajeti kumayamba miyezi 10 m'mbuyo. Maziko ake ndi ndondomeko ya chitukuko ya zaka zisanu imene boma lililonse latsopano limalemba, ndipo lamulo limaletsa kupereka ndalama ku ntchito imene mulibe m'ndondomekoyo. Pofika pa 30 Ogasiti nduna ya za chuma imatumiza kalata ku nthambi zonse yofotokoza momwe bajeti ikonzedwere. Pa 1 Sepitembala nyumba ya malamulo imalandira ndondomeko ya chitukuko ya chaka chikubweracho, ndipo pakutha pa mwezi womwewo pamatuluka chikalata chounikira momwe chaka chapitacho chinayendera. Chikalata chofunika koposa ndi cha pa 28 Febuluwale, chifukwa m'menemo ndi momwe mumaikidwa malire a ndalama za nthambi iliyonse: zaumoyo zisapitirire apa, misewu isapitirire apa. Bajeti yonse imaperekedwa pofika pa 30 Epulo kuti ivomerezedwe pofika pa 30 Juni. Anthu ambiri amayamba kudandaula mu Juni akamva bajeti ikuwerengedwa, koma nthawi imeneyo zazikulu zinamangidwa kale. Aphungu enieniwo saloledwa kuwonjezera kapena kuchotsera nthambi ndalama zoposa 1 peresenti ya malire ake. Wofuna kuti chipatala cha kwawo chilandire zambiri ayenera kuyankhula mu Febuluwale.

Malamulo amafuna kuti anthu afunsidwe maganizo pa magawo onsewa. Malo ambiri msonkhano wotere umangokhala wa tsiku limodzi, zikalata zochindikala zili m'Chingerezi ndipo zafika m'mawa womwewo. Kaunti ya Makueni, pa nthawi ya gavanala Kivutha Kibwana amene analamulira kuyambira 2013 mpaka 2022, inasonyeza kuti zikhoza kuchitika mwanjira ina. Zokambirana zinkayambira pamudzi, n'kukwera mpaka kuwadi ndi ku kaunti yonse, ndipo anthu eni ake ankasankha ntchito zoyamba kugwiridwa ndiponso komiti yoyang'anira ntchitoyo ikayamba. Fakitale yopanga zinthu kuchokera ku zipatso ku Kalamba, imene imagula mango kwa alimi a m'deralo, ndi imodzi mwa ntchito za nthawi imeneyo.

Pali malire awiri amene bajeti iliyonse iyenera kulemekeza. Ndalama zosachepera 30 peresenti zipite ku chitukuko, ndipo malipiro a antchito asapitirire 35 peresenti ya ndalama zonse za kaunti. Malire achiwiriwa makaunti ambiri amawadumpha chaka ndi chaka. Mwa zina n'chifukwa choti analandira antchito a makhonsolo akale pamodzi ndi a boma lalikulu, ndipo gavanala aliyense watsopano amabweranso ndi anthu ake.

Bajeti ikavomerezedwa sizitanthauza kuti ndalama zafika. Imangopereka chilolezo chogwiritsa ntchito ndalama zimene zikuyembekezeka, ndipo mavuto ambiri a makaunti amabadwira pakati pa chilolezocho ndi ndalama zenizenizo. Ndalama za kaunti zimalowa m'thumba limodzi losungidwa ku banki yaikulu ya dzikolo. Gavanala sangatapemo yekha. Pempho lililonse limapita ku ofesi ya Controller of Budget, imene kuyambira Disembala 2019 yakhala m'manja mwa Margaret Nyakang'o, ndipo ofesiyo imayamba yaona ngati zopemphedwazo zili m'bajeti. Chitetezo chimenechi n'chabwino, koma chimagwira ntchito pa ndalama zimene zilipo. Boma lalikulu liyenera kutumiza gawo la makaunti mwezi ndi mwezi, ndipo nthawi zambiri limachedwa, mwina ndi miyezi iwiri kapena itatu, makamaka pamene likulimbana ndi ngongole zakezake. Zikatero anamwino amakhala osalandira malipiro ndipo mankhwala amatha m'zipatala.

Vuto lina kaunti imadzipangira yokha. Bajeti iyenera kulingana mbali zonse ziwiri, zolowa ndi zotuluka. Phungu aliyense akufuna msewu ndi mjigo m'wadi yake, gavanala akufuna msika waukulu umene analonjeza pa kampeni, ndipo ndalama zochokera ku Nairobi n'zodziwika kale kuchuluka kwake. Nambala yokhayo imene ingatambasulidwe ndi ya misonkho yotolera okha. Choncho amalemba kuti chaka chino atolera kuwirikiza zimene anatolera chaka chatha, ngakhale palibe chasintha pa katoleredwe kake. Uku n'kuwerengera madzi a mphutsi, koma papepala zonse zimaoneka zolongosoka. Mipikisano ya ntchito (tenda) imalengezedwa, makontrakitala amasaina mapangano, simenti imagulidwa pa ngongole ya kubanki, ndipo chaka chikamatha ndalama zolipira ntchitoyo palibe. Pofika pa 30 Juni 2024 ngongole za makaunti kwa ogulitsa katundu, makontrakitala ndi mabungwe ena zinali zitapitirira mashilingi 180 biliyoni, ndipo zoposa theka zinali za Nairobi yokha. Amene amavutika kwambiri ndi amalonda ang'onoang'ono, kuphatikizapo achinyamata, amayi ndi anthu olumala amene lamulo linawasungira 30 peresenti ya ntchito zimene boma limapereka pa tenda kuti atukuke. Ambiri mwa iwo banki inawalanda katundu akudikira malipiro a ntchito imene anaimaliza kalekale. Zotsatira zake, aliyense wopikisana pa tenda ya kaunti amakweza mtengo poopa kuchedwa kulipidwa, ndipo okhoma msonkho amagula kalasi imodzi pa mtengo umene ukanamanga zambiri.

Ntchito ya zomangamanga ili ndi njira yake imene lamulo la kagulidwe ka katundu wa boma la 2015 linaika. Mainjiniya ndi akatswiri owerengera mtengo amajambula pulani n'kulemba mndandanda wa zipangizo zonse ndi kuchuluka kwake, kuyambira matumba a simenti mpaka malata. Mkulu wa nthambi saloledwa kulengeza tenda ngati ndalama zake mulibe m'bajeti. Opikisana ayenera kukhala olembetsedwa ku bungwe la National Construction Authority, limene limaika makontrakitala m'magulu kuyambira NCA1, la ntchito zazikulu, mpaka NCA8. Komiti ikasankha wopambana pamadutsa masiku 14 mapangano asanasainidwe, kuti amene akuona kuti waponderezedwa akadandaule ku bwalo lounikira nkhani za tenda. Ndalama zoyambira ntchito sizipitirira 20 peresenti ya mtengo wonse, ndipo zotsalazo zimalipidwa pang'onopang'ono injiniya akatsimikizira kuti gawo lakutilakuti lamangidwadi. Kusintha kwa ntchito ili mkati sikuyenera kukweza mtengo kuposa 25 peresenti. Kawirikawiri kachigawo ka malipiro kamasungidwa kwa miyezi ingapo nyumba itaperekedwa, kuti khoma likang'ambika kontrakitala abwere adzakonze.

Pa njira yonseyi, malo ofooka kwambiri ndi chikalata cha injiniya chotsimikizira ntchito. Iye akasainira maziko amene sanakumbidwe mokwanira, ofesi zina zonse zimalipira mwalamulo ntchito yabodza, chifukwa zimaona mapepala okha. Ichi n'chifukwa chake komiti ya anthu a pamalopo, amene amaona ndi maso kuti lole yabweretsa mchenga wotani, ndi yofunika kuposa momwe akuluakulu ambiri amaganizira.

Ntchito zambiri zimaimanso chisankho chikachitika. Malamulo amati mapangano akale aikidwe m'bajeti ntchito zatsopano zisanaganiziridwe, koma gavanala watsopano safuna kumaliza msika umene anthu adzautchula dzina la mnzake amene anamugonjetsa. Palinso nyumba zimene zinamalizidwa bwinobwino koma n'zotseka. Chipatala chaching'ono chikamangidwa chimafuna namwino, mankhwala, madzi, magetsi ndi mlonda chaka chilichonse, ndipo ndalama zimenezi zimachokera ku mbali ya bajeti imene ndi yodzaza kale ndi malipiro. Ntchito ya zomangamanga yokonzedwa bwino imayamba ndi funso la amene adzalipire zimenezi nyumbayo ikatsegulidwa. Lamulo la 2023 lolola zipatala kusunga ndi kugwiritsa ntchito ndalama zimene zatolera linachepetsako vutoli, chifukwa kale ndalamazo zinkalowa m'thumba la kaunti n'kukathera ku zina.

Chaka chikatha, kaunti ili ndi miyezi itatu yoti ipereke mabuku ake kwa mkulu wofufuza za chuma cha boma, udindo umene Nancy Gathungu anautenga mu 2020 kuchokera kwa Edward Ouko. Lipoti lake limapita ku nyumba ya malamulo ya kaunti ndi ku Seneti, kumene komiti imaitana magavanala kuti adzayankhe mafunso. Pakaoneka katangale, nkhani imapita ku bungwe lolimbana ndi ziphuphu la EACC. Aphungu a kaunti akhozanso kuchotsa gavanala ngati awiri mwa atatu alionse avomereza, Seneti n'kutsimikizira. Ferdinand Waititu wa ku Kiambu anachotsedwa motero mu Januwale 2020, ndipo Mike Sonko wa ku Nairobi mu Disembala chaka chomwecho. Kufooka kwa gawo limeneli n'koti malipoti amakambidwa mochedwa, nthawi zina patapita zaka, amene anasaina mapepala atasamuka kale. Zikalata zothandiza msanga ndi malipoti amene ofesi ya Controller of Budget imatulutsa chaka chili mkati, ndipo aliyense akhoza kuwawerenga pa intaneti. Pa kaunti iliyonse amasonyeza ndalama zimene inati itolera ndi zimene yatoleradi, gawo la ndalama za chitukuko limene lagwiritsidwa ntchito, zimene zapita ku malipiro ndi maulendo, ndi kuchuluka kwa ngongole zimene sizinalipidwe.