NKHANZA ZOSAONEKA NDI MASO: MILANDU YA UKWATI KU INDIA

Lero tikambe za mlandu wobvuta kuuweruza: mkazi afuna kuti ukwati uthe cifukwa ca nkhanza, koma pathupi pace palibe bala ngakhale limodzi. Nanga woweruza adzadziwa bwanji kuti akunena zoona?

Kwathu kuno mwamuna ndiye apereka cimalo kapena malowolo kwa akucikazi. Ku India makolo a mkazi ndiwo apereka ndalama, golide ndi katundu kwa akucimuna, ndipo cuma cimeneci acicha dowry. Boma linaletsa mwambowu m'caka ca 1961, koma sunafe ai. M'nyumba zina ukwati utacitika apongozi apitiriza kuitanitsa zina, namtonza mkaziyo ndi kumuopseza kuti adzam'bweza kwao.

Kuyambira 1976 lamulo la ukwati wa Ahindu lilola kusudzulana cifukwa ca nkhanza, zapathupi kapena zosautsa mtima. Bwalo Lalikulu la dzikolo linagamula m'caka ca 1975 kuti mlandu wa ukwati sulira umboni wolimba monga mlandu wa kuba kapena kupha. Woweruza ayesa mau a mbali zonse ziwiri, naona kumene coonadi calemera.

Tamverani nkhani ya Shobha Rani, imene inatha m'caka ca 1987. Iye anadandaula kuti mwamuna wace ndi apongozi ace anali kum'panikiza kuti apereke ndalama. Mabwalo awiri anam'kana. Koma panali kalata imene mwamunayo analemba ndi dzanja lace, yonena kuti saona colakwa makolo ace akapempha ndalamazo. Bwalo Lalikulu linawerenga kalatayo, linati kuitanitsa dowry ndiko nkhanza, ndipo linathetsa ukwatiwo.

Tsono muone kuti umboni wa nkhanza zotere uli m'zinthu zazing'ono zosungika: makalata, mauthenga a pa foni, mapepala a ku banki, cikalata ca dokotala, dandaulo lolembedwa ku polisi, ndi mboni zimene zinamva ndi makutu ao. Ndiponso malamulo a 1985 afuna kuti mphatso za paukwati zilembedwe pa mndandanda, ndipo mkwati ndi mkwatibwi asainepo.

Pali mbali yacilango. Kuyambira 1983 mwamuna kapena mbale wace wozunza mkazi motere angathe kumangidwa kufikira zaka 3, ndipo lamuloli linalowa m'buku latsopano la malamulo pa 1 July 2024. Mkazi akafa imfa yokaikitsa zaka 7 zisanathe cikwatiwire, ndipo kwaoneka kuti anali kusautsidwa cifukwa ca dowry pafupi ndi imfayo, bwalo liyesa womsautsayo wopalamula kufikira atadziyeretsa yekha.

Komanso oweruza acenjera. M'caka ca 2007 anati kukangana kwa masiku onse sikuli nkhanza, pakuti mitengo yokhala pamodzi sileka kukwekwesana. Ayang'ana moyo wonse wa ukwatiwo. Ndipo m'caka ca 2014 analetsa apolisi kungogwira munthu atangomva dandaulo, osafufuza.

Cifukwa cace wosautsidwa kumeneko apindula akasunga kalata iri yonse ndi kuuzako abale ace msanga, pakuti misozi iuma koma colembedwa cikhala.