Kompyuta imadziwa bwanji batani loti idine?

Tiyerekeze kuti amalume anu aimba foni kuchokera ku Lilongwe: "Ndatumiza katundu pa minibasi ya ku Salima, ukamulandire pa Chezi." Inu mwaima pamsewu, mwaimitsa minibasi yoyamba, katundu mulibe. Mwalakwa? Ayi. Vuto ndi loti amalume atchula mtundu wa galimoto basi, nambala sanatchule.

Vuto lomweli limawapeza anthu oyesa masamba a pa intaneti. Tsamba lililonse limalembedwa mu HTML, chinenero chomwe anayambitsa Tim Berners-Lee ku CERN, malo ofufuzira za fizikisi pafupi ndi Geneva, cha m'ma 1990. Mu HTML chinthu chilichonse chili ndi tagi yonena mtundu wake. Tagi ya p ndi ya ndime, img ndi ya chithunzi, a ndi ya linki, input ndi ya kabokosi kolembamo, ndipo button ndi ya batani.

Tsamba lisanaperekedwe kwa anthu limayenera kuyesedwa. Taganizani fomu yolembetsera mayeso: mwadzaza zonse, mwadina "Tumizani", koma dzina lanu silinafike. Chaka chatha pamenepo! Munthu sangayese batani limodzimodzi kambirimbiri tsiku ndi tsiku, ndiye amalemba kapulogalamu koti kazitsegula tsamba, kulemba ndi kudina kokha. Chida chotchuka pa ntchitoyi ndi Selenium, chomwe anayambitsa Jason Huggins mu 2004. Inde, dzinali ndi la selenium yemwe uja wa nambala 34 pa tebulo la maelementi.

Koma Selenium alibe maso. Muyenera kumuuza chinthu choti apeze. Mu Python timalemba chonchi:

driver.find_element(By.TAG_NAME, "button")

Apa mwamuuza kuti, "Ndipezere batani." Iye amayamba kumayambiriro kwa HTML ya tsambalo n'kutenga batani loyamba kukumana nalo. Ngati fomu ili ndi mabatani awiri, "Fufutani" koyamba kenako "Tumizani", kapulogalamu kanu kadina "Fufutani". Sikadandaula, chifukwa kachita ndendende zomwe munakatuma. Minibasi yoyamba ija ndi imeneyo.

Ndiye tagi ndi yopanda ntchito? Ayi ndithu. Mukawonjezera s, n'kulemba find_elements, Selenium amabweretsa mndandanda wa zinthu zonse za tagi imeneyo. Mutha kuwerenga zithunzi zonse za patsamba, kapena kutenga malinki onse n'kuwayesa imodziimodzi. Kusiyana kwina ndi uku: chinthu chikasowa, find_element amaimitsa ntchito n'kunena kuti sichinapezeke, pomwe find_elements amangobweza mndandanda wopanda kanthu, ali phee. Choncho muziwerenga zomwe wabweretsa.

Mukafuna chinthu chimodzi chenicheni, gwiritsani ntchito id. Imeneyi ndi nambala ya galimoto ija: mwalamulo, zinthu ziwiri patsamba limodzi siziyenera kukhala ndi id yofanana.

driver.find_element(By.ID, "tumizani")

Yesani nokha. Mukapeza kompyuta, tsegulani tsamba lililonse n'kudina Ctrl ndi U pamodzi, HTML yonse ionekera. Werengani matagi a a, kenako fufuzani mawu oti id. Mukatero dzifunseni: nditatuma Selenium ndi tagi yokha, angandibweretsere chiyani choyamba?