Alendo abwera ku Lilongwe: mukawaonetsa chiyani?

Sukulu zikangotsekera, nyumba zambiri mu Lilongwe zimadzaza alendo. Ana a achimwene ochokera ku Mchinji, agogo odzaona adzukulu, alamu odzatenga pasipoti. Amatha sabata yathunthu ali pampando kuonera TV, tsiku lomaliza n'kuwapititsa ku Gateway Mall kukajambulitsa, basi. Akafika kumudzi, anthu n'kuwafunsa zimene aona kulikulu, amangoti "magalimoto ndi mipanda".

Anthu a mtauni muno timakonda kunena kuti Lilongwe ndi mudzi waukulu chabe, kulibe choona. Ine zimenezi ndimakana. Mzinda uno wakhala likulu la dziko kuyambira 1975, pamene boma linasamuka ku Zomba, ndipo mbiri yambiri imene ana amaloweza m'kalasi ili pompano. Chofunika ndi tsiku limodzi, ndalama ya minibasi ndi botolo la madzi.

Yambirani ku City Centre m'mawa

Ine alendo anga ndimayamba nawo kumanda a Kamuzu Banda dzuwa lisanakwere. Kamuzu anamwalira mu 1997, ndipo chinyumba chokongola chimene chili pamanda ake anachitsegula mu 2006, nthawi ya Bingu wa Mutharika. Nsanamira zake zimakumbutsa ngodya zinayi zija: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo.

Ngati agogo alipo, apa ndi pamene muwasiyire mawu. Iwo anaiona nthawiyo ndi maso. Auze ana za misewu ndi zipatala, auzenso za makadi a chipani amene ankafunsidwa pakhomo la msika, za amayi amene sankaloledwa kuvala thalauzi, ndi za referendamu ya 1993 pamene anthu anasankha ndale za zipani zambiri. Mwana akamva zimenezi kuchokera kwa agogo ake ataima pamalopo, saiwala.

Pafupi pomwepo pali Nyumba ya Malamulo, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la China ndipo inatsegulidwa mu 2010. Chakumtunda kwake ndi ku Capital Hill, kumene kuli maunduna a boma. Chenjezo langa ndi limodzi: musangotulutsa foni n'kuyamba kujambula nyumba za boma. Yambani mwapempha alonda.

Nsanja ya ku Area 18

Kuchoka apo, pitani kunsanja yokumbukira asilikali amene anafa pa nkhondo ziwiri zapadziko lonse, ya 1914 mpaka 1918 ndi ya 1939 mpaka 1945. Mabanja ambiri ali ndi agogo amene anali a Keyala, ena anakafika mpaka ku Burma. Patsogolo pa nsanjayi pali chiboliboli cha Kamuzu atanyamula litchowa lake.

Alonda akakulolani kukwera, kwerani, koma dziwani kuti mawondo amamva. Agogo asiyeni pansi pamthunzi, ndipo ana ang'ono agwireni dzanja. Pamwambapo m'pamene mlendo amamvetsa kuti Lilongwe ndi yotambalala bwanji. Mumaona mitengo, madenga a malata mpaka kumene maso alekezera, komanso bwalo la Bingu National Stadium, limene linatsegulidwa mu 2017.

Nkhalango pakati pa tauni

Masana, dzuwa likaswa mtengo, malo abwino ndi ku Lilongwe Wildlife Centre, pakati pa City Centre ndi Old Town, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Auzeni anawo musanafike kuti kumeneku si kokaonera nyama zotsekeredwa m'makola. Ntchito ya malowa ndi kupulumutsa nyama zovulala kapena zolandidwa kwa ozigulitsa mozemba, monga anyani, apusi ndi ngaka, kuti zikachira zibwerere kutchire.

Alendo amayenda m'tinjira ta m'nkhalango, kumva mbalame, ndipo mukachita mwayi mumakumana ndi mbawala kapena gwape. Apusi musawapatse chakudya, ndipo ana asaseweretse madzi a mumtsinje chifukwa muli ng'ona. Pakhomo pamalipiritsa, choncho funsiranitu mtengo.

Old Town ndi milatho yamitengo

Mlendo asachoke asanaponde ku Old Town. Kumsika wa Tsoka kuli kaunjika, tsidya lina la mtsinje wa Lilongwe kuli msika wa Lizulu wa ndiwo zamasamba, mbatata ndi zipatso. Misika iwiriyi imalumikizidwa ndi milatho yamitengo imene anakhoma okha anyamata a pamalopo, ndipo wowoloka amalipira kangachepe. Mlatho ukamagwedera, alamu amene amadzitcha olimba mtima aja amayamba kuitana mayi awo. Koma nthawi ya mvula, mtsinje ukadzaza, dzerani pamlatho waukulu. Foni ndi kachikwama zikhale kutsogolo, pakuti m'chigulu simudziwa amene ali kumbuyo kwanu.

Ngati pali tsiku lachiwiri

Tulukaniko pang'ono. Mukatsata msewu wa ku Dedza n'kukhotera kumanzere pa Kamphata mufika ku Nkhoma, mishoni imene inakhazikitsidwa mu 1896 ndi amishoni a Dutch Reformed ochokera ku South Africa. Kuli tchalitchi chakale cha njerwa, chipatala, ndi phiri limene achinyamata angakwere n'kutsika tsiku lomwelo.

Chakumadzulo kuli nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe. Madzi amene timamwa m'mipopi ambiri amachokera kumeneko kudzera m'madamu a Kamuzu. M'mapiri omwewo muli Kaphirintiwa, kumene makolo a Achewa ankati anthu ndi nyama zoyamba anatsikira n'kusiya mapazi pathanthwe. Nkhalangoyi ikutha ndi makala, ndipo mwana akaona zitsa zake ndi maso amayamba kufunsa kumene thumba la makala la kukhitchini linachokera.

Simufunika kupita konseku. Sankhani malo awiri kapena atatu malinga ndi thumba lanu ndi miyendo ya alendo anu, nyamukani m'mawa, tengani chimanga chootcha panjira. Mlendo ndi mame, sachedwa kubwerera kwawo, ndiye Loweruka likubwerali zimitsani TV ija mutuluke nawo.