Nyamakazi ya m'maondo: kusamala okalamba pamene akudikira opaleshoni

M'midzi mwathu muli agogo ambiri amene analeka kupita kumunda, kutchalitchi kapena kumzikiti, ngakhale kumaliro a mnansi, chifukwa cha kupweteka kwa maondo. Ambiri amangoti ndi ukalamba. Koma nthendayi ili ndi dzina ndi chithandizo chake. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linapeza kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 365 miliyoni anali ndi nyamakazi ya m'maondo. Imagwira kaŵirikaŵiri anthu opitirira zaka 55, makamaka amayi.

Chimachitika n'chiyani m'bondo?

Pamene mafupa akumana m'bondo pali chichereŵechere chosalala chimene chimawaphimba kuti asakhulane. Ndi kupita kwa zaka, kusenza katundu wolemera, kunenepa kwambiri kapena kuvulala kwakale, chichereŵecherechi chimaperepeseka. Pamenepo munthu amamva kupweteka poyenda ndi pokwera chitunda, bondo limauma m'maŵa kwa mphindi zosapitirira 30, ndipo nthaŵi zina miyendo imapindika kukhala matewe. Nthendayi si yopatsirana, ndipo siyamba chifukwa choponda mankhwala panjira monga ena amaganizira.

Chichereŵechere chikatha sichimeranso. Nthenda ikakula, madokotala a mafupa amatha kuchotsa mbali zowonongekazo ndi kuikapo bondo lachitsulo ndi pulasitiki, limene kwa anthu ambiri limagwira ntchito zaka zoposa 15. Opaleshoniyi imachitika m'zipatala zoŵerengeka za m'mizinda ikuluikulu, ndipo ofuna chithandizo ndi ochuluka kuposa madokotala. Motero wodwala angadikire nthaŵi yaitali. Chimene tiyenera kudziŵa ndi ichi: munthu amene afika ku opaleshoni ali ndi miyendo yamphamvu amachira msanga kuposa amene anangogona pamphasa miyezi yonseyo.

Bondo lifuna kuyenda

Kukhala pansi tsiku lonse kumafooketsa minofu ya m'ntchafu, ndipo minofuyo ikafooka bondo limapweteka koposa. Wodwala aziyenda pang'onopang'ono pamalo osalala tsiku lililonse, napumula akatopa. Atakhala pampando, awongole mwendo, augwire m'mwamba poŵerenga kufikira 5, kenaka autsitse. Achite zimenezi ka 10 mwendo uliwonse, m'maŵa ndi madzulo. Ndodo si chinthu chamanyazi. Igwidwe ndi dzanja la mbali imene siikupweteka, kuti ilandire gawo la kulemera kwa thupi. Kwa onenepa, kuchepetsa thupi kumathandiza kwambiri, pakuti kilogalamu imodzi ikachoka m'thupi, bondo limapepukidwa pafupifupi makilogalamu 4 pa phazi lililonse limene munthu aponya.

Za mankhwala

Panado amachepetsa ululu. Wamkulu asamwe oposa mapiritsi 2 nthaŵi imodzi, ndiponso asapitirire 8 pa tsiku. Mankhwala onga bulufeni ndi indosidi amathandizadi, koma akamwedwa masiku ambiri angathe kuyambitsa zilonda za m'mimba, kuwononga impso ndi kukweza kuthamanga kwa magazi. Wokalamba asagule mankhwalaŵa pamsika, koma afunse kuchipatala. Kuthowa bondo ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda kumafeŵetsa kuuma kwa m'maŵa.

Kutema mphini pabondo n'koopsa. Bala lililonse pakhungu ndi khomo la tizilombo, ndipo dokotala sangaike bondo latsopano pamene pali chilonda. Pa chifukwa chomwecho, dzino lobooka, matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi ziyenera kuthandizidwa tsiku la opaleshoni lisanafike. Wosuta fodya aleke, chifukwa fodya amachedwetsa kupola kwa bala.

Udindo wa apabanja

Mutu umodzi susenza denga. Chimene chimasautsa okalamba ambiri ndi kunjuta m'chimbudzi. Mmisiri wa pamudzi angathe kukhoma kampando kobooka pakati ndi kuzika mtengo wogwirira pambali pake. Agogo apatsidwe mpando wokwera bwino m'malo mwa mphasa, ndipo ngati n'kotheka azigona pabedi. Kutunga madzi, kutola nkhuni ndi kupita kuchigayo zikhale ntchito za adzukulu, koma ntchito zokhala pansi monga kutongola chimanga, kusenda mtedza ndi kuluka nkhata musawalande, pakuti munthu wolandidwa ntchito zonse amadziona ngati wotayidwa. Kusungulumwa kumakulitsa ululu ndi kusoŵetsa tulo. Achezereni, apititseni kumapemphero pa njinga, ndipo afunseni nzeru pa milandu ya pabanja monga kale.

Zizindikiro zosafuna kudikira

Bondo likatupa mwadzidzidzi, n'kutentha, munthu n'kumamva malungo kapena kulephera kuponda pansi, si nyamakazi wamba ayi. Mwina mwaloŵa mafinya, ndipo wodwala apite kuchipatala tsiku lomwelo. Kutupa kokhalitsa kotsagana ndi kuwonda ndi thukuta la usiku kungakhale chifuŵa chachikulu cha m'mafupa.

Pa zipatala za maboma pali azachipatala ophunzira za mafupa amene amapima odwala ndi kuwatumiza ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Sungani bwino buku lanu lakuchipatala ndi zithunzi za ekisire, ndipo musaphonye tsiku limene anakuuzani kuti mudzabwerenso.