Kodi Anayamba Masewera a Baseball Ndani?

Mwana wa sukulu akonda kufunsa kuti, "Kodi zimenezi anaziyamba ndani?" Ndipo mphunzitsi waphuma afuna kumpatsa dzina limodzi ndi chaka chimodzi, kuti funsolo lithe msanga. Mbiri ya baseball, masewera omveka a ku America, itionetsa kuopsa kwa yankho lotere.

Tiyambe ndi kaseweredwe kake. Pakhala magulu awiri, lililonse la anthu 9. Wina aponya mpira, wa gulu linalo naumenya ndi chibonga, nathamanga kuzungulira bwalo lokhala ndi malo anayi oimapo. Akabwerera pamene anayambira asanamtulutse, gulu lake lapata chigoli.

Masewera a mpira ndi ndodo ngakale ndithu ku England. M'chaka cha 1598, pa mlandu wa malo ku Guildford, mkulu wina dzina lake John Derrick anachita umboni kuti iye ndi anzake ankasewera cricket pamalopo akali ana a sukulu, ndiye kuti cha m'ma 1550. Dzina lakuti baseball nalonso lipezeka kumeneko. Mu 1744 John Newbery anasindikiza ku London kabuku ka ana kotchedwa A Little Pretty Pocket-Book, momwe muli dzinali pamodzi ndi chithunzi cha anyamata ataima pa nsanamira zazifupi. Mu 1749 nyuzi ina inalemba kuti Frederick, mwana wa mfumu, anasewera baseball ku Surrey. Mu 1796 mphunzitsi wa ku Germany, Johann GutsMuths, analongosola malamulo ake m'buku, nawatcha masewera a Angelezi. Ndipo buku la anyamata la mu 1828 lifotokoza masewera ofanana nawo otchedwa rounders, amene ana a ku Britain asewera kufikira lero.

Angelezi osamukira ku America anapita nawo masewerawa. Umboni wake ndi lamulo la mudzi wa Pittsfield ku Massachusetts la mu 1791, loletsa kusewera baseball, cricket ndi masewera ena a mpira pafupi ndi nyumba ya misonkhano, kosakwana mayadi 80, poopa kuti angaswe magalasi a m'mazenera. Masiku amenewo dera lililonse linali ndi kachitidwe kakekake, ndipo kwambiri wothamanga ankamtulutsa pomugenda ndi mpira, monga achitira ana athu pa fulaye.

Kusintha kwakukulu kunachitika ku New York, kumene amuna achikulire anapanga mabungwe a masewerawa. Mu 1845 bungwe la Knickerbocker linalemba malamulo ake, ndipo mwa iwo munali loletsa kugenda munthu. Pokhala kuti mpira sunalinso wogendera anthu, kunatheka kuupanga wolimba, wouluka patali. Mu 1857 mabungwe a kumeneko anasonkhana, nagwirizana kuti gulu lililonse lizimenya maulendo 9. Asilikali a nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865 anathandiza kuwanditsa kaseweredwe ka New York m'dziko lonselo.

Tsono masewera atakula, panabuka mkangano. Henry Chadwick, mlembi wa nkhani za masewera wobadwira ku England, analemba mu 1903 kuti baseball inachokera ku rounders. Mawu awa sanamkomere Albert Spalding, katswiri wakale wa baseball amene analemera ndi malonda a zipangizo za masewera, pakuti iye anafuna kuti masewera a fuko lake akhale obadwira kwawo komweko. Mu 1905 anasonkhanitsa akuluakulu oti afufuze, mtsogoleri wawo nakhala Abraham Mills. Pakutha pa 1907 iwo anagamula kuti anayamba baseball ndi Abner Doubleday, m'mudzi wa Cooperstown, m'chaka cha 1839.

Nanga umboni wawo unali wotani? Anatsamira pa makalata a nkhalamba imodzi, Abner Graves, amene mu 1839 anali mwana wa zaka 5 zokha. Chaka chimenecho Doubleday anali pa sukulu ya usilikali ku West Point. Anadzakhala kazembe wa nkhondo, namwalira mu 1893, osanenapo m'zolemba zake kuti anayambitsa masewera. Komabe nkhaniyi inakoma m'makutu a anthu, kotero kuti mu 1939 anatsegula ku Cooperstown nyumba yokumbukira akatswiri a baseball. Amene anaigwetsa ndi Robert Henderson, wosunga mabuku ku New York, pofukula mabuku akale a ana monga aja tatchula. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Inu amene mukonzekera uphunzitsi, gwiranipo ziwiri. Choyamba, zinthu zambiri za anthu, monga masewera, nyimbo ndi zilankhulo, zilibe mwini mmodzi woziyamba. Zikula pang'onopang'ono m'manja mwa ambiri, ndipo kawirikawiri oyamba ake ndi ana osadziwika maina. Chachiwiri, nkhani isakhulupiridwe chifukwa chakuti yanenedwa ndi akuluakulu kapena kuti ikometsa fuko. Phunzitsani ana kufunsa kuti, "Wanena ndani? Analipo kodi? Analemba liti?" Mwana wozolowera mafunso atatu amenewa sanyengeka msanga.