Chakudya cha nsomba za discus: zofunika kudziwa musanathire kanthu m'thanki

Munthu wa ku Matawale akamva za nsomba, maganizo ake amathamangira kumsika komwe kumafika matemba, makumba ndi milamba yochokera ku nyanja ya Chilwa. Koma pali anthu ena amene amasunga nsomba zamoyo m'thanki yagalasi pabalaza, kuti zizikongoletsa nyumba. Pakati pa oweta otere, nsomba yosiririka kwambiri ndi discus, yomwe ndi yaphwatalala komanso yozungulira ngati mbale ndipo ili ndi mawanga owala. Nsombayi si ya kuno, imachita kuitanitsidwa kunja pa mtengo wokwera, ndipo sichedwa kudwala ikamadya zosayenera. Amene watulutsa ndalama zake kuigula ayenera kudziwa kuti moyo wake wagona pa zimene azithira m'madzimo tsiku ndi tsiku.

Kwawo kwa discus ndi ku mtsinje wa Amazon ndi mitsinje ina yothira mmenemo ku South America. Katswiri wa ku Austria, Johann Jakob Heckel, ndiye adayamba kuilemba m'mabuku a sayansi mu 1840 ndipo adaitcha Symphysodon discus. Ili m'banja limodzi ndi chambo, makumba ndi mbuna zathu, banja lomwe akatswiri amalitcha Cichlidae. Ubale umenewu ndiwo umasokoneza anthu ambiri. Pa shelefu ya sitolo pamapezeka zitini za chakudya zolembedwa dzina la banjali, ndipo wogula amayesa kuti chakudyacho n'choyenera nsomba iliyonse ya m'banjamo, chonsecho kadyedwe ka nsombazi n'kosiyana kwambiri.

Mbuna zimakhala m'miyala ya nyanja ya Malawi, monga ku Cape Maclear komwe kuli malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, ndipo zambiri mwa izo zimadya ndere zomera pa miyala. Matumbo ake ndi aatali, oyenera kugaya zomera pang'onopang'ono. Kuyambira zaka za m'ma 1970, pamene malemu Stuart Grant adakhazikitsa ntchito yotumiza nsombazi kunja kuchokera ku Salima, mbuna zafika m'nyumba zambiri ku Ulaya ndi ku America. Oweta a kumeneko adaona kuti mbuna zikamapatsidwa nyama yambiri zimatupa mimba n'kufa, moti matendawo amadziwika ndi dzina loti Malawi bloat mpaka lero. Discus yoleredwa m'thanki imafuna chakudya chomanga thupi chochuluka kuposa mbuna, makamaka ikadali yaing'ono. Choncho chakudya chokulitsa discus chikhoza kudwalitsa mbuna, ndipo chakudya cha mbuna chokha chikhoza kupinimbiritsa discus. Kuwonjezera apo, madzi a nyanja yathu ali ndi michere yambiri ya m'miyala pomwe a ku Amazon ali ndi yochepa, kotero nsomba ziwirizi siziyenera kukhala m'thanki imodzi.

Izi sizikutanthauza kuti discus imadya nyama yokhayokha. Kafukufuku wa William Crampton, yemwe adasindikizidwa mu 2008, adapeza kuti m'mimba mwa discus zakutchire mumakhala kwambiri ndere, tizidutswa ta zomera ndi zinyalala zowolerana za m'madzi, pamodzi ndi tizilombo ting'onoting'ono monga mphutsi. Phunziro lake n'lakuti nsombayi imadya zakasinthasintha, ndipo woweta ayenera kutsanzira zimenezi.

Maziko a kadyedwe ayenera kukhala chakudya chouma cha timibulu chopangidwira discus. Pogula, werengani pa chitinipo. Zakudya zabwino za mtunduwu zimakhala ndi mapuloteni pafupifupi magawo 45 mwa magawo 100 alionse kapena kuposerapo, ndipo pa mndandanda wa zopangira pamayambira nsomba kapena nkhanu za m'nyanja, osati ufa wa tirigu. Timibuluto tikhale tating'ono chifukwa discus ili ndi kamwa laling'ono, komanso tizimira pang'onopang'ono popeza nsombayi imakonda kudyera pakati pa madzi ndi pansi. Ndi bwino kugula chitini chaching'ono n'kumachitseka zolimba, chifukwa chikatsegulidwa mavitamini amayamba kuchepa mphamvu, ndipo chinyontho cha nyengo ya dzinja ku Zomba chimachititsa nkhungu msanga.

Pamwamba pa timibulu, oweta amawonjezera zakudya zoumitsidwa mufiriji monga mphutsi zofiira za tintchentche ta m'madzi ndi tinkhanu ta m'madzi amchere totchedwa Artemia. Discus imakonda kwambiri mphutsi zofiirazi, koma pazokha sizikwaniritsa zonse zofunika m'thupi, ndipo nsomba ikazizolowera imayamba kukana zakudya zina. Kawiri kapena katatu pa sabata n'kokwanira.

Chakudya chimene chimabweretsa mtsutso ndi mtima wa ng'ombe. Kwa zaka zambiri oweta discus akhala akuchotsa mafuta ndi mitsempha yonse pa mtimawo, n'kuupera pamodzi ndi nkhanu za m'nyanja, sipinachi wofutsa pang'ono ndi ufa wa ndere za spirulina, kenako n'kuumitsa mufiriji. Ubwino wake n'ngwakuti mtima umapezeka mosavuta kubutchala ndipo tiana timakula msanga. Kuipa kwake n'kwakuti mafuta a nyama ya pamtunda savuta kuunjikana m'thupi la nsomba, komanso zotsala zake zimawononga madzi mofulumira. Amene wasankha njirayi achite mosapitiriza muyeso, ndipo akhale wokonzeka kusintha madzi pafupipafupi.

Palinso zakudya zimene munthu wa kuno angakopeke nazo chifukwa zili pafupi. Alimi a nsomba za m'madamu, monga a m'madera ozungulira Domasi komwe kuli likulu la boma la kafukufuku wa ulimi wa nsomba, amadyetsa makumba ndi chilinguni madeya, ndipo nsombazo zimakula. M'thanki yagalasi madeya amangodetsa madzi, ndipo alibe mapuloteni okwanira discus. Nsima, buledi, matemba ouma ndi usipa wothira mchere n'zosayeneranso. Mphutsi ndi nyongolotsi zotola m'ngalande kapena m'mphepete mwa mtsinje wa Likangala zikhoza kubweretsa tizilombo toyambitsa matenda pamodzi ndi zoipa zotayidwa m'madzimo. Ngati mukufuna chakudya chamoyo, n'kwabwino kuswetsa nokha mazira a Artemia m'botolo la madzi amchere.

Nyengo ya Zomba nayo imakhudza kadyedwe. Discus imafuna madzi ofunda madigiri 28 mpaka 30. Tawuni ino ili m'munsi mwa phiri lomwe mitsinje yake ndi yozizira moti azungu adaikamo nsomba za trout, zimene zimakonda madzi ozizira. M'miyezi ya June ndi July, madzi a m'thanki yopanda chotenthetsera amazizira kwambiri usiku. Madzi akazizira, thupi la nsomba limagwira ntchito pang'onopang'ono, chilakolako cha chakudya chimachepa, ndipo chimene yadya sichigayika bwino. Woweta akaona nsomba zake zikukana kudya, ayambe wayang'ana choyezera kutentha asanaganize zosintha chakudya.

Kuzima kwa magetsi kumabweretsa mavuto awiri. Loyamba, chakudya cha mufiriji chikasungunuka n'kuumanso chimawonongeka ndipo chikhoza kudwalitsa nsomba, choncho chiyenera kutayidwa. Lachiwiri, magetsi akazima, sefa ndi chotenthetsera zimaima. M'sefamo mumakhala mabakiteriya abwino amene amachotsa poizoni wa amoniya wochokera ku ndowe ndi zotsala za chakudya. Kudyetsa nsomba sefa itaima n'kuwonjezera poizoniyo pa nthawi imene palibe chomuchotsa. Discus yaikulu yathanzi imatha kukhala masiku angapo osadya popanda vuto, choncho magetsi akazima musathire chakudya, ndipo fundikani thanki ndi bulangete kuti kutentha kusathawe. Pa chifukwa chomwechi, woweta wa ku Matawale adalire kwambiri chakudya chouma kusiyana ndi cha mufiriji.

Pa za muyeso, tiana tidye pang'onopang'ono kanayi kapena kasanu pa tsiku, pomwe zazikulu zidye kawiri. Discus imadya modekha, imauzira madzi pa chakudya chimene chagwa pansi n'kumachitola chikayandama, motero isamakhale ndi nsomba zaliwiro zimene zingailande. Pakatha mphindi 10 kapena 15, zotsala zonse zichotsedwe ndi kapaipi. Madzi a pampopi othira posintha akhale ochotsedwa klorini komanso ofunda mofanana ndi a m'thankimo.

Nsomba yokha imaonetsa ngati ikudya bwino. Yathanzi imakhala yonenepa pamphumi, yowala, ndipo imabwera kutsogolo ikaona mwini wake. Ikayamba kuda, kubisala pakona, kulavula chakudya kapena kutulutsa ndowe zoyera zonga ulusi, ndiye kuti m'mimba mwake kapena m'madzimo muli vuto. Maso ooneka aakulu kuyerekeza ndi thupi ndi chizindikiro chakuti idapinimbira ili yaing'ono, ndipo kawirikawiri nsomba yotere sifikanso pa msinkhu wa masentimita 15 kapena kuposerapo umene discus yoleredwa bwino imafika.

Pali nthawi imene woweta safunika kudyetsa tiana. Discus zikaswa, tiana timakangamira pa matupi a makolo onse awiri n'kumadya tonanda totuluka pakhungu lawo, ndipo makolowo amasinthana ntchitoyo kwa masabata oyambirira. Ubwino wa chakudya choyambachi umadalira mmene makolowo adadyera asanaswe. Pakapita masiku angapo tiana tikusambira, woweta amayamba kuwonjezera Artemia ongoswa kumene, kenako timibulu topera.

Choncho musanaitanitse discus, fufuzani kaye komwe muzigula chakudya chake mosadukiza, mmene muzisungira madzi ofunda m'nyengo yozizira, ndi chimene muzichita magetsi akazima. Ngati zimenezi sizingatheke panopa, mbuna za m'nyanja yathu n'zokongola, n'zopirira, ndipo zimakhutira ndi chakudya chokhala ndi ndere zambiri.