Makina oumitsira zovala: musakopeke ndi kuchuluka kwa mabatani

Kuno ku Manchester, kuyambira Okutobala mpaka Malichi, dzuwa si lodalirika. Zovala ukayanika panja m'mawa, madzulo umakazipeza zili chinyowere. Ukaziyanika m'nyumba, chinyezi chimalowerera m'makoma, nkhungu yakuda n'kumera m'makona, alandilodi n'kuyamba kudandaula. N'chifukwa chake Amalawi anzanga ogwira ntchito yosamalira okalamba sachedwa kundifunsa za makina oumitsira zovala, omwe kuno amati tumble dryer.

Ine ndimayamba ndawafunsa kuti: makinawo mukawaika pati? Mitundu yake ilipo itatu, ndipo malo ndiwo amakusankhirani. A mtundu wa vented amatulutsa mpweya wonyowa kudzera m'paipi yopita panja, choncho pamafunika bowo pakhoma kapena zenera lotsegula. Ndi otsika mtengo, koma m'nyumba ya lendi simungangoboola khoma la eni ake. A condenser amasandutsa nthunziyo madzi n'kuwasunga m'kathanki komwe mumakhuthula nokha.

Amene ndimawakonda ine ndi a mtundu wachitatu, a heat pump. Pogula amaboola m'thumba, komanso amachedwerapo kuumitsa, koma magetsi amadya pafupifupi theka la omwe a condenser amadya, ndipo poti satentha kwambiri, zitenje zanga sizifwifwa msanga. Chofooka chawo n'chakuti m'galaja yozizira kwambiri sagwira bwino ntchito.

Tsono musitolo wogulitsa adzakuonetsani makina a mapologalamu ambirimbiri, ena olumikizana ndi foni. Zimenezo zisakutengeni mtima. Munthu wotopa, wochokera kuntchito ya usiku, amagwiritsa ntchito mapologalamu awiri kapena atatu basi. Inu tsegulani chitseko, solani sefa yomwe imakola tiubweya ta zovala, muone ngati ikutuluka ndi kubwerera mosavuta, chifukwa iyenera kutsukidwa nthawi iliyonse mukaumitsa. Onaninso pomwe pali kathanki ka madzi. Kakakhala pamwamba, msana wanu wapulumuka. Kakakhala pansi, muzichita kugwada. Makina ena amabwera ndi kapaipi kotayira madziwo molunjika kumpope wa madzi oipa, kukhuthula n'kuiwalika. Funsaninso ngati amazima okha zovala zikauma. Banja la ana awiri kapena atatu, makina olowa zovala zolemera makilogalamu 8 akukwanirani.

Musanaponyemo chovala, yang'anani kansalu ka malangizo m'khosi mwake. Chizindikiro chake ndi bwalo lokhala m'kati mwa bokosi: kadontho kamodzi ndiye kutentha pang'ono, awiri kutentha kwambiri, pamene chodulidwa ndi mtanda ndiye kuti musaikemo.

Za sefa zija si nkhambakamwa. Tiubweya tikaunjikana pafupi ndi chotenthetsera timayaka. Mu 2015 kampani ya Whirlpool idachenjeza kuti makina mamiliyoni a Hotpoint, Indesit ndi Creda opangidwa pakati pa 2004 ndi 2015 angathe kuyambitsa moto. Mu Ogasiti 2016 nyumba yosanjikizana ku Shepherd's Bush mu London idayaka chifukwa cha amodzi mwa makina amenewa, ndipo mu 2019 kampaniyo idaitanitsa omwe anali asanakonzedwe.

Popeza ambirife timathamangira zakaunjika za pa Facebook, funsani nambala ya makinawo mufufuze ngati sali m'gulu limenelo musanapereke ndalama. Ndipo musawasiye akulira mukamapita kukagona kapena kuntchito.